Munda wa pansi pa mkuyu

Akadzayamba kulemba mbiri ya anthu amene anapulumutsa mbalame m'dziko muno, dzina langa lidzakhala pamwamba, ngakhale kuti kukoleji ndinangolawako n'kubwerera. Ndine amene ndinakhazikitsa malo otetezedwa a ku Liwaladzi. Kukula kwake, ukayala mphasa zitatu ndiye kuti walowa kale kwa eni.

Linali dzinja loyamba chibwerere matipate. Bambo anali atapita kukadula nzimbe ku Dwangwa, n'kundisiya kwa azakhali, kumene khonde lonse linkanunkha chinangwa choviika ndi usipa wovumbwa ndi mvula. Ana a m'mudzimo sankandiitana kumpira. Anzanga anali anang'omba awiri amene anaikira m'mphako ya mkuyu kuseri kwa dambo. M'mawa ankalira ng'u, ng'u-ng'u, ngati ng'oma ya kumudzi wakutali, ine n'kumawayankha.

Chaka chimenecho nkhwangwa nazo zinalandira ufulu. Anthu ankati malamulo anapita ndi chipani chimodzi, ndipo mitengo ikuluikulu inkagwa umodziumodzi, anang'omba n'kumasowa poikira. Tsiku lina ndinapeza a Saidi, mmisiri wosema mabwato, akuzungulira mkuyu uja, akuugogoda ndi mpini. Tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Koma chinthu chimodzi ndinkachidziwa: kwathu, pamene munthu wazika chinangwa ndi pake, ndipo palibe amene amagwetsera mtengo pa mbewu za mnzake. Ndinapereka legeni yanga kwa mwana wa pakhomo loyandikana, iye n'kundipatsa kamtolo ka mbewu ya chinangwa. Ndinaunda timitumbira tokhotakhota kuzungulira mkuyuwo. Zina ndinazika chozondotsa.

A Saidi atabweranso anaima patali, n'kuomba m'manja.

"Odi kuno! Eni munda alipo?"

"Ndilipo," ndinatero. "Mtengowu uli m'munda mwanga."

"Ha, bwana, ndiye ndachedwa. Koma za malire tikambirane."

Mlandu wa malirewo unatha dzinja lonse. Masana akachoka kumzikiti ankakhala pamuzu, kudandaula kuti ndawadyera malo, uku tikusenda mango ndi mano, tikuonerera nang'omba wamphongo akupititsira mkazi wake achule. Owotcha makala akafika, a Saidi ankawabweza osadzuka n'komwe: "Simukuona mbewu? Muno muli eni ake." Mvula ikutha, m'mphakomo munatuluka mwana mmodzi wonyansa kwabasi. Chinangwa chija chinakololedwa ndi mbuzi.

Ndinakula ndikudzitama kuti ndinagonjetsa mmisiri ndi lamulo. Ndinali nditamera kale ndevu pamene ndinazindikira kuti mtengo wamphako susemedwa bwato, ndipo a Saidi anamva zimenezo tsiku lomwe anaugogoda. Sankabwerera mkuyu ayi. Anali ataona mwana woyankha mbalame.

Ntchito yonseyo inandidyera legeni imodzi, yomwe mphira wakenso unali utatha kale.