Mtovu wa M'mabatire

Amuna anga anali omata mapoto kuseri kwa Msika wa Lundazi. Masiku amenewo poto akabooka sunkataya. Iwo ankaphwanya mabatire akale a galimoto, kuchotsa mtovu wa m'kati, n'kuusungunula m'kachitini pambaula. Moto ankauzira ndi pakamwa, nkhope ili mu utsi momwemo. Ndiye panali chizolowezi chawo chonditopetsa, choluma mtovu kuti amve ngati ndi wofewa. Ndinkalankhula mpaka kukhosi kuuma. "Inu, mano amenewo ndi pulayala?" Iwo kuseka basi.

Dzanja lawo lamanja linayamba kugwa chaka cha chilala, chomwe tinadya chimanga chachikasu. Akatambasula mkono, linkangolendewera ngati tsamba la fodya lofota. Nyundo kumangopulumuka. Abale awo a ku Chikomeni anati anzawo a pamsika awatchera mankhwala, ndipo tinayenda kwa asing'anga, mayo ine, tinayenda! Mphini mkono wonse, dzanja osadzuka.

Kuchipatala tinapita titatheratu. Dokotala anawayang'ana m'kamwa, n'kundionetsa kamzere kodera m'mphepete mwa nkhama. Anafunsa ntchito yawo. Kenako anatifotokozera kuti mitsempha imapatsirana mauthenga, ndipo polandirira uthengawo pali timakomo tosaoneka ndi maso. Timakomoto timatseguka ndi kutsekeka mothandizidwa ndi tizitsulo tochepetsetsa tomwe thupi limapeza m'zakudya. Mtovu ukalowa umakakhala pamalo pa tizitsuloto, uthenga n'kumakanika kudutsa. "Siyani nchito iyi, bambo," anatero. "Mwina dzanja lingabwelele."

Anasiya miyezi inayi. Munthu wodziwika msika wonse anangokhala pakhonde duu, kuyang'ana nkhuku. Zala zinayamba kudzuka pang'ono, ndipo ine, kunena zoona, mtima unakhala pansi. Koma tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakolekera mbaula panjinga. Ndinakalipa, ndinalira, ndinatchula ndi malemu amayi awo omwe. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Nanga pakhonde pano ine ndine ndani?"

Mkangano umenewo unanditopetsa mpaka m'mafupa. Ndinang'amba chitenje changa chakale, n'kuwaperekeza kumsika. Kumeneko ndinawamangirira nyundo kudzanja lodwalalo, mfundo ziwiri kuti isapulumuke. Ndinkawamanga choncho m'mawa uliwonse, ine yemwe ndinamva bwino lomwe zimene dokotala ananena.