Kuphunzira Kuyang'ana Apongozi

Ulendo woyamba ndinalephera kulowa sukulu ya unesi chifukwa cha maso. Osati kuti sindiona, ayi, ulusi ndimalowetsa pa singano ngakhale dzuwa litalowa. Vuto linali loti maso angawo anali aulemu kuposa mwini wake.

Ndinakulira ku Mlare, koma ndinakwatiwa ku Mwenilondo, konko ku Karonga, m'banja la Ankhonde osunga mwambo. Nditangofika, apongozi aakazi anandikhazika pamphasa n'kundiuza malamulo a pakhomo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, satchula dzina lawo, sakhala nawo pamalo amodzi. Mukakumana panjira, iwe upatukire kumbali n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Makomo ambiri anazisiya kalekale zimenezi, koma pathu paja mwambowu unali udakali ndi mano onse. Ndinauphunzira msanga, ndipo ndinkanyadira nawo. Apongozi aamuna ndinkawadziwira nsapato zawo zakuda, chifuwa chawo cha m'mawa, ndi belu la njinga yawo. Apolisi akanati ndiwaloze pagulu la anthu, ndikanayamba kuyang'ana kumapazi.

Unesi ndinaulakalaka tsiku limene ndinabereka mwana wanga. Nesi amene anali nane anandigwira dzanja osalitaya, ngakhale ndinamukanda mpaka magazi. Mwana atasiya kuyamwa ndinabwerera kusukulu yamasana, ndinalembanso mayeso a Fomu 4, ndipo mapointi anatuluka abwino moti ngakhale ine ndinafunsa ngati sanasokoneze dzina. Ndinapempha malo kuyunivesite ina ya kummwera yophunzitsa anamwino. Ofuna malowo anali namtindi wa anthu, pamene malo enieniwo anali ochepa. Ankayamba kutipeta ndi mayeso olemba, otsalawo n'kuwaitana ku intavyu.

Olembawo ndinakhoza. Ku intavyu ndinalowa mwamphamvu, nditavala suti yobwereka, Chingerezi chili m'kamwa. Koma pakati pa ofunsa aja panakhala bambo wina waimvi, ndipo nditangokhala pansi anatsokomola. Basitu. Khosi langa linapindika lokha. Ndinatembenuzira mpando kumbali, maso ali pasimenti, mawu akutuluka ngati a munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anayambana naye dzulo.

"Mayi," anatero bamboyo, "kodi mayankho mwawalemba pansipo?"

Anzake anaseka. Ine ndinayankha nsapato zanga kuti ayi.

Nditabwerako ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo anthu pamjigo ankayesa kuti kwathu ku Mlare kwachitika maliro. Amene anandiuza zoona anali nesi wina wa ku Mulanje, amene ankachita lendi pafupi nafe. Mayi ameneyu sankazungulira.

"Achemwali, anthu aja sanakukaneni chifukwa cha mutu. Iwo akufuna munthu woti akayang'ane wodwala kumaso n'kudziwa kuti uyu magazi achepa, uyu akubisa ululu. Nanga inu mukaona agogo aamuna m'wodi, muzikathawira kuseri kwa bedi?"

Ndinapsa mtima.

Kunyumba nkhani anaikamba pa chakudya chamadzulo, ine ndili kukhitchini monga mwa nthawi zonse. Mwamuna wanga, amene amayendetsa minibasi ya ku Songwe, anati ndiyesenso kamodzi. Apongozi aakazi anavomera, koma anaikapo malire.

"Kamodzi komweko. Akalepheranso, mabuku alowe m'sutikesi, mwanayu apeze mng'ono wake. Munda wa mpunga sudzilima wokha."

Sindinawaone ngati ankhanza. Mwana ankagona kwa iwo ine ndikuwerenga, ndipo chambiko changa, mkaka wowawasa uja, sankaiwala kundisungira. Koma ndinadziwa kuti akatero atero. Chaka chotsatiracho chinali changa chomaliza.

Mayeso olemba nditakhozanso, m'mawa wina apongozi aamuna anakhala pampando wawo pansi pa mtengo wa mango n'kukonza kukhosi. Iwowa anali ahedi opuma pantchito, ndipo Chingerezi ankachikonda ngati nyama ya m'mbalagha, nthochi zophika zija za kwathu. Popeza ine sakanatha kundilankhula, analankhula kwa mtengowo, mokweza kuti ndimve.

"Mtengo iwe, ine ndafunsapo aphunzitsi ambirimbiri ofuna ntchito. Ngati pakhomo pano pali wina wopita ku intavyu, azikhala kuseri kwa mpanda nthawi ya masana, ndizimufunsa."

Sukulu yathu inayamba choncho. Iwo pansi pa mango, ine kuseri kwa mpanda wa bango pafupi ndi khitchini, apongozi aakazi pakati ngati mtumiki. Funso linkachoka kumango m'Chingerezi, n'kumasuliridwa m'Chinkhonde kuti amayi alinyamule, n'kundipeza litasintha zovala. Yankho langa nalo silinkafika momwe lachokera.

Tsiku lina anafunsa chifukwa chimene ndikufunira unesi. Ndinayankha bwinobwino za kutumikira odwala a kumudzi. Amayi anayenda mpaka kumango n'kunena kuti, "Akuti akufuna azindibaya jakisoni wa miyendo pakhomo pompano, ndisamakaime pamzere."

"Sanatero," anatsutsa ahedi.

"Mwamva bwanji? Inu simuyenera kumumva."

"Ndiye akanene kwa ofunsawo kuti ukufuna nesi wakowako?"

"Nanga mwana ndikulera uja ndi wa ofunsawo?"

Anakangana mpaka tiyi kuzizira, ine ndili kuseri ndikuluma chitenje kuti ndisaseke. Mawa lake amayi anachotsedwa ntchito. Ahedi anagamula kuti azifunsa mtengo, ine ndiziyankha mpanda, ndipo ngati mawu athu akumana m'malere si mlandu wa munthu.

Mayankho anga anakhwima. Ndinkadziwa kufotokoza za malungo, za kolera ya nthawi ya mvula, za chifukwa chimene mayi woyembekezera ayenera kupita kusikelo msanga. Ndikalakwitsa Chingerezi, ahedi ankadzudzula mtengo mwaukali, mtengowo n'kupirira. Koma zonsezi ndinkayankha bango. Za maso zija zinali pomwe zinali.

Ndinayesa kuzolowera pa anthu ena. Mwamuna wanga ndikamuyang'anitsitsa ankayamba kufotokoza komwe anachedwa dzulo, ine ndisanafunse n'komwe. Nesi wa ku Mulanje ndinkamuyang'ana popanda vuto, koma iye anati, "Ine ndilibe imvi, achemwali, musanditayitse nthawi." Lamulungu lina ndinalimba mtima n'kuyang'ana mkulu wa mpingo kumaso pomupatsa moni. Ndinapirira pang'ono chabe, thukuta lili kamukamu. Lachiwiri lake anatumiza amayi awiri a chigwirizano kudzafunsa ngati pali chimene anandilakwira.

Kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke, mtima unandithera. Ndinauza mwamuna wanga kuti bola ndingokhala, kusiyana n'kukachitanso manyazi kutali konse kuja. Ndinalankhula motsitsa, koma makoma a nyumba zathu samasunga nkhani.

Masana a tsiku lotsatira ndinakhala pamalo panga kuseri kwa mpanda. Funso silinabwere. M'malo mwake ndinamva ahedi akuuza amayi kuti atenge khasu akaone chinangwa kumunda.

"Dzuwa limeneli? Chinangwa chatani?"

"Chikufuna kuonedwa."

Kenako ndinamva khasu likukwekwereza pansi, ndipo podutsa pafupi ndi ine amayi anayankhula osandiyang'ana. "Ine ndapita kumunda. Zochitika ine kulibe sindizidziwa, ndipo asadzandifunse munthu."

Atapita, ahedi sanalankhule kwa mtengo. Analankhula kwa ine, koyamba chikwatiwire.

"Mkamwana, tenga mpando ubwere kuno."

Ndinati mwina ndamva molakwa, koma anabwerezanso, ndi mawu aja ankaimitsa nawo ana a sukulu pamzere. Ndinatuluka nditafunda chitenje kumutu, ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, n'kuika mpando patali ndithu.

"Sendera. Kumeneko sadzakufunsira kutsidya la msewu."

Ndinasendera.

"Chotsa chitenjecho. Kuyambira pano mpaka amayi ako abwere, ine si apongozi ako. Ndine nkhalamba ina yake yosokosa ya kummwera, ndipo malo ako ali m'manja mwanga. Ng'ombe sizifa chifukwa chakuti wandiona. Zikafa ndi zanga. Dzutsa mutu."

Ndinayambira pa nsapato zakuda zija, popeza ndizo ndinkadziwana nazo. Ndinakwera pa thalauzi, pa jekete limene anavala dala ngakhale kunali kutentha kwa Karonga kosalola munthu kupuma, mpaka pa tayi. Pamenepo khosi linakana. Ndinkangomva mawu a amayi anga ondibereka akuti, mwana iwe, watichititsa manyazi. Kenako ndinakumbukira sutikesi ija ndi mabuku anga ali m'katimo. Ndinadzutsa mutu.

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mwini mawu amenewo ndi chimunthu chachikulu choopsa. Ndinapeza kankhalamba kochepa thupi, ka makutu otambasuka ngati a mwana wanga, kakutuluka thukuta kuposa ine. Nawonso ankachita mantha. Ankangokonzakonza tayi.

"Ukundiyang'ana?" anafunsa.

"Eya, adada."

"Chabwino. Ndingokhulupirira, chifukwa ine ndikungoona chithunzithunzi cha munthu."

Ndi pamene ndinaonetsetsa. Pakati pa maso awo onse awiri panali poyera ngati mkaka wothira m'madzi. Inali ng'ala. Pakhomo ponse ankadziwa kuti maso a adada akuchepa, koma ankangoti ndi ukalamba, ndipo eni akewo, pokhala ahedi, ankagwirabe nyuzipepala m'manja tsiku lililonse kuti anthu asawamvere chisoni. Ine ndekha, wowerenga mabuku a zaumoyo usana ndi usiku, ndinali woletsedwa kuona.

Ndinaiwala manyazi. Ndinawafunsa kuti zinayamba liti, ngati akumva kuwawa, ngati kuwala kwa dzuwa kumawavutitsa. Ndinawauza kuti ng'ala amachotsa kuchipatala, munthu n'kuonanso.

"Wofunsa ndine, osati iwe," anatero. Koma anayankha zonse, chimodzichimodzi ngati wodwala womvera. Pomaliza anati, "Kuchipatalako ndidzapita ukadzalowa sukulu ya unesi. Ukalephera, ndikhala choncho. Tsono zili kwa iwe. Tiye, undiuze dzina lako ndi kumene ukuchokera, m'Chingerezi."

Tinachita intavyu yonse maso ndi maso. Titamva khasu likubwera chapatali, amayi akutsokomola mokweza kuti tidziwe, ndinanyamula mpando wanga n'kubwerera kuseri kwa mpanda.

Ku intavyu yeniyeniyo ndinapezanso bambo waimvi, wina osati woyamba uja. Ndikuganiza kuti sukulu zimenezi zimawasunga dala. Anatsokomola, khosi langa linayamba kale ulendo wake wopita pansi, koma ndinalibweza. Ndinamuyang'ana m'maso ngati ndikufufuzamo ng'ala, ndipo ndinam'yang'anitsitsa mwina mopitirira, chifukwa pakati pa mafunso anavula magalasi n'kuwapukuta. Ndinayankha zonse. Uthenga wakuti ndatengedwa unandipeza pafoni ndili m'munda wa mpunga, matope mpaka m'maondo. Amayi analulutira mpaka anthu a m'minda yoyandikana anabwera, ndipo ankauza aliyense kuti anandiphunzitsa ndi iwo.

Pa holide yanga yoyamba adada anayesa kuzemba. Anati ng'ombe zilibe woziyang'anira, kenako anati mvula ili pafupi. Ndinayankhula kwa mpanda kuti ahedi ena ake analonjeza, ndipo mwana wa sukulu wonama ankamupatsa chibalo. Mtengo wa mango sunayankhe, koma m'mawa mwake anavala jekete.

Tinapita kuchipatala chachikulu ku Mzuzu tonse anayi, ine nditakhala kumbuyo kwenikweni kwa basi monga mwa mwambo. Anayamba ndi diso lakumanja. Tsiku lotsatira, pochotsa bandeji, nesi wa m'wodimo anati wina aime kutsogolo kwawo kuti aone ngati akuzindikira nkhope. Mwamuna wanga anasuntha kuti aime, koma amayi anamukoka malaya. Anandikankha ine pamsana, iwo n'kutembenukira kuzenera, akuti akuona magalimoto.

Ndinaima pamenepo manja ali kumbuyo. Adada anaphethira kangapo, misozi ikutsika m'diso lomwe analichita opaleshonilo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuonetsetsa yunifolomu ya mwana wa Sitandade 1.

"Kani ndiwe ameneyu," anatero. "Ng'ombe zanga za malowolo sizinapite pachabe."

Nesi wa m'wodi uja anaseka osadziwa nkhani yake. Ine misozi inayamba kugwera pa bulauzi. Sindinawerame. Ndinalira choimirira, ndikuwayang'ana, iwonso akundiyang'ana ndi diso lawo limodzilo, mpaka amayi anafunsa ali chitembenukire kuzenera ngati tamaliza, chifukwa khosi lawawawa.