Nyumba yathu yasanduka ya mzungu wa thonje

Loweruka, 14 Okutobala

Ndadzuka ndi kamantha kosakanikirana ndi chimwemwe, ngati tsiku la mayeso amene ndawerengera bwino. Dzulo madzulo kunafika achemwali a ku Blantyre, mwana wa azakhali anga, pamodzi ndi anzawo awiri a kuntchito, bambo wina wandevu ndi mayi wina wamagalasi. Mwezi wathawu achemwaliwa anauza amayi pa foni kuti pa holide ya Khirisimasi ndikhoza kukakhala kunyumba kwawo n'kumakaphunzira sayansi kusukulu ina imene ili ndi labu. Sukulu yathu ilibe. Ndili Folomu 4 ndipo ndikufuna kudzakhala namwino, koma maikulosikopu ndimangoiona yojambulidwa m'buku. N'chifukwa chake amayi anandichenjeza alendo asanafike kuti, "Masiku awiri amenewa, chimene anene uchite."

Chimene anena n'chakuti ndiwayendetse. Akuti ku Blantyre ali ndi gulu la anthu amene Loweruka lililonse amavala nsapato zodula n'kumakayenda wapansi popanda kumene akupita. Mapiri awatopetsa, ndiye akufuna malo a chidikha, ulendo wosatopetsa wokhala ndi zinthu zakale zoona m'njira, kuti adzabweretse gulu lonselo.

Ndinawauza kuti tinyamuke kukungocha. Anaseka. Anayamba asamba, kumwa tiyi, kudzola mafuta a dzuwa, kufunafuna zipewa. Timatuluka pakhomo anthu akubwerako kudimba. Kuno kwa Makhanga mwezi uno, nthawi imeneyo ngakhale mbuzi zimakhala zitapeza kale mthunzi.

Kwathu kuno munthu sayenda chabe. Ukakumana ndi wina m'njira amakufunsa kumene ukupita, ndipo umayankha kuti kuchigayo, kudimba, kumaliro kapena kukazonda wodwala. Ngakhale kunama umanama, bola yankho likhalepo. Tisanafike patali tinakumana ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu atasenza mtolo wa kholowa, natipatsa moni wa m'mawa wa Chisena.

"Mwacherwa, alendo. Ulendowu ngwakuti?"

"Tikungoyenda, mayi," anatero bambo wandevu uja monyadira.

"Kungoyenda? Wadwala ndani?"

"Palibe wadwala. Timayenda kuti thupi likhale lamphamvu."

Mayiwo anayang'ana mimba ya bamboyo, kenako manja ake opanda kanthu. "Mukanatenga khasu," anatero. Podutsa anandinong'oneza m'Chisena kuti ndisamale, anthu oterewa amakhala oyeza malo. Ndinachita manyazi ngati ndine ndabala alendowo.

Poyamba ndinawatengera pa mlambe pamene agogo ankagulitsira thonje. Chitsulo chimene ankakolekapo sikelo chikadalipo, mtengo unachimeza theka. Ndinali nditakonzekera usiku wonse zoti ndinene. Mayi wamagalasi anandidula, nati milambe aiona yambiri pa msewu pobwera. Tinapitirira mpaka ku njanji. Pamenepo ndinalankhula ndi mtima wonse, chifukwa sitimayo ine ndinaiona ndi maso. Ndili wamng'ono ndinkaperekeza amayi kukagulitsa nsomba zouma pa siteshoni, ndipo ndinkagwira chitenje chawo mwamphamvu sitima ikamalira. Lero njanjiyo ikulendewera m'malere pamene madzi anakumba dothi, ndipo siteshoni inakwiririka ndi mchenga. Ndikufotokoza choncho, bambo wandevu anali atakweza foni m'mwamba kufunafuna netiweki. Achemwali anafunsa ngati pali golosale pafupi, madzi a m'mabotolo awo anali atatha.

Pobwerera ndinawadzeretsa kumabwinja chifukwa kumeneko kuli mithunzi ya mango. Kumabwinja ndi kumene tinkakhala madzi aakulu asanatisamutsire kumtunda kuno. Anthu amapitako kukalima basi. Abambo sadzerako n'komwe, amalolera kuzungulira.

Nyumba yathu ikadaima. Malata abambo anakachotsa madzi ataphwa, ndipo mchenga unadzaza m'kati mpaka m'mawindo. M'chipinda chimene ndinkagona mwamera kachere. Koma khomo la pakhonde lili chilili, lokhota pamwamba ngati uta. Abambo anaona khomo lotero pa sitolo ina ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo pomanga yawo anaika theka la mgolo kuti njerwa zikhote bwino. Njerwazo tinaumba tokha. Ine ndinkatunga madzi m'kachigubu, theka n'kutayikira m'njira. Anthu ankabwera kudzaona khomolo, ena n'kumati abambo akudzimva.

Alendo anga, amene anali atafooka ngati nkhuku zachitopa, anatsitsimuka nthawi yomweyo.

"Iyi ndiye mbiri tsopano," anatero bambo wandevu, akusisita khoma. "Taonani khomo ili. Munthu wa kumudzi sangamange chonchi. Awa ndi Apwitikizi."

"Ndi ya mzungu wogula thonje," anatero mayi wamagalasi. "Si paja mwanayu amati kuno kunali msika wa thonje? Nkhani yake ikugwirizana."

Achemwali anabwera kuno komaliza nyumbayo isanamangidwe, choncho sanaizindikire. Ananditembenukira. "Iwe, kutiotchera dzuwa pa mlambe chonsecho pali chinthu ngati ichi? Ndi ya chaka chanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Kenako ndinaona nkhope yawo ili yowala koyamba chifikireni, anzawo akuwayamikira kuti kwawo kuli zinthu. Ndinaganiza za labu. "Ndi yakale ndithu," ndinatero.

Anajambulana pakhomo, mmodzimmodzi, kenako onse. Mayi wamagalasi anakhala pa windo la chipinda cha amayi atapinda miyendo, akuyang'ana kumwamba ngati woimba wa pa kalendala. Bambo wandevu anafotokoza m'mene mzunguyo ankakhalira pakhonde madzulo kumwa tiyi antchito ake akumupepesera mphepo. Anafotokoza bwino kwambiri, moti mpaka anadziwa pamene pankakhala mpando wake. Pamenepo m'pamene pankagona galu wathu. Pomaliza anagumula njerwa imodzi pa khoma kuti akaike pa tebulo ku ofesi. Anainyamula mpaka pa mango wachiwiri, kenako anati, "Mwana iwe, tandigwirira." Ndinasenza njerwa yathu yomwe kupita nayo kwathu.

Ulendo wosatopetsa unathera pa ngolo. Mnyamata wa aneba amachokera kudimba ndi ng'ombe, ndipo akatswiri oyenda wapansi atatu anakwera pamwamba pa mapesi atadzifunditsa malaya kumutu. Ine ndinkatsatira pambuyo. Ana anatithamangira kuyambira pa mjigo, akufunsa ngati tikuwapititsa kuchipatala.

Atamwa madzi n'kugona pamkeka, achemwali anandiitana. Akuti mawa tikaweruka kutchalitchi tibwererenso, koma pa ngolo. Ndivale yunifolomu, ndikaime pakhomo paja ndi kufotokoza m'Chingerezi mbiri ya mzungu wa thonje, iwo akujambula vidiyo yoti akaonetse gulu lawo. "Dzina lake ukafunse akuluakulu, ukalephera tipeka," anatero. "Ukalankhula bwino, za holide zija usadandaule, mng'ono wanga."

Njerwa ija ndinaisiya kuseri kwa khitchini. Abambo pobwera kumadzi kopha nsomba anaiona, naitola, naitembenuza. Pakona pake pali chidindo cha phazi la mbuzi. Chaka chimene tinkaumba, mbuzi zinkatipondera njerwa zisanaume, ndipo abambo ankazithamangitsa akutukwana m'zilankhulo ziwiri.

"Iyi yafika bwanji kuno?"

Ndinawauza zonse motsitsa mawu. Amayi anali pomwepo akupala nsomba.

Abambo anaseka pang'ono. "Ndiye kuti ndimamanga ngati mzungu. Mayi ake, mwamva? Munakwatiwa ndi Mpwitikizi."

"Mpwitikizi wosowa nsapato," anatero amayi, osadzutsa mutu. Kenako anandiloza ndi mpeni. "Iwe usayambe zako. Nyumba ija inapita ndi madzi. Akaitcha ya mzungu, kaya ya Mmwenye, chikukuchoka n'chiyani? Chipinda ku Blantyre n'chawo. Ukawachititsa manyazi pamaso pa anzawo, sayansi yakoyo ukaphunzirira pa mjigo."

Ndinayang'ana abambo kuti anenepo kanthu. Iwo anangoika njerwayo pansi pa nkhokwe, pamene alendo sangaione, n'kupita kukasoka ukonde umene anasoka kale dzulo.

Tsopano dzuwa likulowa ndipo ndikulemba nditakhala kuseri kwa khola. Ndikuwamva alendo akukangana ngati mzunguyo anali ndi mkazi kapena ayi. Anthu ophunzira, a madigiri, oti ndikawaona m'tauni ndingawapatse njira. Akhala pakhomo pa munthu, adya nsomba zake, ndipo palibe amene wamufunsa kuti, kodi malume, musanabwere kumtunda kuno munkakhala kuti? Madzi aja anawaonera pa TV, mwina anatumizako zovala zakale. Koma bwinja la munthu wamoyo silikoma pa chithunzi, mpaka alipezere mwini wake woyera amene anafa kale.

Amayi sakunama. Labu ndikuifuna kwambiri, ndipo wina woti angandisunge ku Blantyre palibe. Ndayesa kunena mawuwo m'Chingerezi chapansipansi, kuti nyumba iyi inamangidwa ndi mzungu. Akutuluka bwinobwino, galamala yake ilibe vuto. Koma vidiyo imayenda. Idzafika pa foni ya mnzanga wa m'kalasi, kenako kwa mayi wa kholowa uja, ndipo mudzi wonse udzandiona nditavala yunifolomu, ndikupereka khomo la abambo anga kwa munthu amene sanakhaleko.

Mawa ndidzuka alendo enawo asanadzuke. Ndikawatungira achemwali madzi osamba, ndipo tili awiri kuseri kwa bafa ndiwauza kuti nyumba ija ndi ya amalume awo, anzawo asamve, kuti asachite manyazi. Ndiwauza kuti vidiyo ndijambulitsa ngati akufuna, m'Chingerezi chomwecho, koma ndikanena za mgolo ndi za madzi, ndiponso ayambe apempha abambo. Kenako ndiwafunsa mosazungulira ngati chipinda chija chikadalipo. Akakana, Lolemba ndikapempha aphunzitsi a sayansi kuti andifunsire malo kusukulu ya ku boma.