Mawu Odzera kwa Ankhazi

A Stafford Jere akhala akucheka matabwa ku Chikangawa kuyambira ali mnyamata. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo chimwalirireni akazi awo, mawu awo anachepa kwambiri. Pakhomo anatsala awiri okha, iwo ndi mwana wawo Dyness.

Dyness atakhoza bwino mayeso a Fomu 4, inakwana nthawi yosankha yunivesite. A Stafford ankamumva akukambirana ndi mnzake pafoni kuseri kwa khitchini. Ku Mzuzu n'kufupi, kuzizira kwake n'komwe anazolowera, ndipo Chitumbuka chili ponseponse. Ku Zomba n'kutali, sadziwako munthu, koma n'kumene kuli maphunziro a zamalamulo amene ankawalakalaka. Ankatinso ophunzira akumeneko ali ndi kwaya ndi magulu a zisudzo.

Mtima wa bambowo unali pa Mzuzu. Anali atayamba kale kuganiza zomamutumizira mbatatesi pa lole ya matabwa, n'kumamuona Loweruka. Koma kubanja kwawo, mwana wamkazi akakula, bambo sakhala naye pansi pa nkhani zikuluzikulu. Mawu amadzera kwa ankhazi, ndiye kuti mlongo wa bamboyo. Choncho anakwera galimoto kupita ku Mzimba boma, kumene mlongo wawo, a Caroline, amagulitsa kaunjika.

"Mukamuuze mwana asankhe kumene mtima wake uli," anatero atakhala pabenchi.

"Basi? Ulendo wonsewu mwayendera timawu tomweti, a Jere?"

"Mbwenu, ndi tomweto basi."

"Inu mukuopa kutsala nokha m'nkhalango muja. Nenani, ndikamuuza."

A Stafford anangoseka pang'ono, maso ali kumsewu. Ankayembekezera kuti mlongo wawo, poti waona kale za mumtima, akawonjezera yekha zotsalazo. Anaiwala kuti a Caroline amapereka uthenga monga aulandirira, osachotsa, osawonjezera.

Lamlungu, ankhazi atabwera n'kubwerera, Dyness anagwada pakhomo, chapatali ndithu.

"Yewo chomene, adada. Ankhazi andiuza. Ine ndimati ndingosankha ku Mzuzu poopa kukusiyani, koma poti mwandimasula, ndisankha ku Zomba."

A Stafford anasasa utuchi umene unali pa bondo lawo. Kubweza mawu amene adzera kale kwa ankhazi kukanakhala kumunyozetsa mlongo wawo pamaso pa mwana.

"Wachita bwino, Nyajere," anayankha.

Anamusankhadi ku Zomba, ndipo anapita. Amaimba foni, nthawi zina mofulumira chifukwa anzake a kwaya akumudikira. Bambowo amayankha kuti kuno kuli bwino chomene.

Masiku ano akaweruka amaima pamsewu wa M1, pamene malole amamangira katundu. Olowera ku Mzuzu sawayang'ananso. Amafunsa olowera kummwera okha.

"A dalaivala, mudutsa ku Zomba?"

Ambiri amati athera ku Lilongwe. A Stafford amathokoza, n'kusenza thumba lawo la mbatatesi kubwerera nalo kunyumba.