Kuchoka ku Feira kukalembedwa ku pulayiveti

Minibasi ya ku Lusaka imayenera kunyamuka pa msika wa Luangwa Boma, kumene timati ku Feira, kusanache bwino, koma tsiku limenelo dzuwa linatipeza tili pomwepo, kondakitala akulimbana ndi mitolo ya nsomba zouma imene inkakana kulowa pansi pa mipando. Ndinalipira makwacha mahandiredi awiri. Chikwama changa anachilipiritsanso padera ngati munthu, ngakhale ulendo wonse chinakhala pamiyendo panga.

Dzina langa ndine Rozina, ndipo ndine nasi. Amayi anagulitsa mbuzi zawo kuti ndiphunzire. Nditamaliza ndinabwerera kwathu, kumtunda kwa Kavalamanja, kukadikira kuti boma lindilembe ntchito. Zaka zinapita ndikuthandiza mongodzipereka pa kachipatala ka m'dera lathu, kubaya jakisoni ndi kubereketsa azimayi, pamene sopo ndinkagula ndi ndalama yogulitsa zipatso za masau. Odwala analipo osefukira, manasi osagwira ntchito tinalipo, koma ankati ndalama yotilembera palibe. Pamapeto pake mnzanga wa kusukulu anandipezera malo pa chipatala china cha pulayiveti ku Lusaka. Anati ndikafike tsiku la ulendowu iye asanaweruke, apo ayi atenga wina.

Titatsala pang'ono kunyamuka analowa a Zuze, msodzi wachikulire amene ndinkamudziwa kuchipatala kwathu, atatsamira akazi awo, amayi Malita. Miyendo yawo inali itatupa moti nsapato anazinyamula m'manja. Mtima wawo unali wofooka, ndipo madokotala anati ukaunikidwe pa makina aakulu ku Lusaka. Anali atapitako kale dzinja, n'kupatsidwa tsiku lakutali chifukwa mzere unali wautali. Tsikulo linali mawa lake.

"Asisita, ndimwe?" anatero a Zuze akupuma modukizadukiza. "Basi tayenda na chipatala chathu."

Sindinawauze kuti chipatalacho chikuthawa.

Tinadutsa Katondwe cha m'ma eyiti. Ana asukulu ankakankha njinga m'mbali mwa msewu, ndipo kutentha kwa m'chigwa kunali kutayamba kale kutiphika pamodzi ndi nsomba zija. Apa ndi pamene mkangano unabuka. Kumbuyo kwathu kunakhala amayi Njobvu, mwini mitolo ya nsomba, mayi wamawu aakulu amene amaoloka malire kupita ku Zumbo ngati akupita kuseli kwa nyumba. Pambali pawo panali a Phiri, kalaliki wa mu ofesi ina ya boma, atavala tayi m'chifundizi chonsecho.

"Amai," anatero amayi Njobvu kwa amayi Malita, "mukanagulitsa bwato. Ku pulayiveti mulowa m'mawa, masana mwadziwa matenda. Ku boma muyembekeza mpaka mutafa."

"Tinafunsako," anayankha amayi Malita motsitsa mawu. "Mtengo umene anatiuza, bwato na maukonde onse sizikwana. Nanga tikagulitsa, ana adya chiyani?"

A Phiri anakonza tayi. "Boma lisamalira aliyense, wolemera na wosauka. Pulayiveti ni shopu chabe. Tifunika kupirira, zinthu zili mu mapulani."

"Imwe mukadwala mupita kuti?" anafunsa amayi Njobvu.

A Phiri anati iwo ali ndi khadi la kuntchito lowalipirira ku pulayiveti, ndiye nkhani yawo ndi ina. Basi yonse inaseka, ngakhale a Zuze, mpaka kusekako kunasanduka chifuwa chimene chinatenga nthawi kuti chileke.

Pa Luangwa Bridge tinaima nthawi ya chakudya isanakwane. Pamenepa msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Chipata, ndipo ogulitsa amathamangira galimoto iliyonse ndi madengu oluka, malambe ndi nsomba zokazinga. Ndinagula pende mmodzi wa makwacha twente ndi botolo la madzi. Nditawapatsako, a Zuze anangonyambita mchere wa pa nsombayo n'kundibwezera. Milomo yawo inali itayamba kuda. Ndinawagwira pamkono, mtima wawo unkathamanga n'kumadumpha. Ndinapempha dalaivala kuti awakhazike kutsogolo, pawindo, ndipo mnyamata amene anali pamenepo anasuntha mosanyinyirika.

Tinayamba kukwera mapiri a Manenekera. Amene sanayendeko adziwe kuti msewu umenewu umakhota ngati njoka, kuphompho kuli mabwinja a malole akale, ndipo minibasi yodzaza nsomba imakwera ngati nkhalamba. Chapakati pa chitunda amayi Malita anakuwa.

"Asisita! Bwerani, sapuma bwino!"

Dalaivala anaima pokhota. Tinawatsitsa a Zuze n'kuwakhazika pamthunzi wa galimoto, msana utatsamira tayala, chifukwa munthu wa madzi m'mapapo sagonekedwa chagada. Ndinadziwa chimene chinkafunika, mpweya wa m'botolo ndi jakisoni wochotsa madzi. Ndinadziwa dzina lake ndi muyezo wake. M'chikwama mwanga munali madiresi awiri, nsapato zoyera ndi satifiketi. Amayi Njobvu anawakupiza ndi katoni. A Phiri anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, n'kukwera pamwala, koma m'mapiri amenewo foni ndi chidole.

A Zuze anandigwira dzanja. "Mawa... musaiwale, ni mawa m'mawa."

"Tifika, atate," ndinatero.

Posakhalitsa analeka kupuma. Ndinakanikiza pachifuwa mpaka manja anga anachita dzanzi, thukuta likugwera pa malaya awo, kenako amayi Njobvu anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, leka." Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kuwafunditsa.

Amayi Malita sanalire mokweza. Anakhala m'fumbi atafukata nsapato za amuna awo, n'kumanena m'Chikunda kuti, tinadikira monga anatiuzira, sitinaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Dalaivala anali munthu wabwino. Ena akanatisiya pomwepo. Anachotsa mitolo pampando wakumbuyo, abambo anayi ananyamula thupi, ndipo tinayenda mpaka ku Rufunsa, kumene tinakauza apolisi n'kusiya thupilo pa chipatala. Nasi amene anatilandira anali yekha, khonde litadzaza azimayi ndi ana. Anatithandiza mwaulemu, maso ali ofiira ndi kutopa. Atamva kuti nane ndine nasi anafunsa kumene ndikugwira.

"Nikuyenda ku pulayiveti."

"Mwachita mwayi," anatero, n'kuitana wodwala wotsatira.

Amayi Njobvu, amene ankaoneka ngati saganiza china koma phindu, ndiwo anatsala ndi namfedwa. Anauza kondakitala kuti nsomba akazisiye kwa mng'ono wawo ku msika, ziwole ziwole. A Phiri anavula tayi n'kuiika m'thumba, ndipo mpaka ku Lusaka sanatchulenso za mapulani. Pa Chongwe anandigulira chimanga chowotcha. Ndinachigwira m'manja mpaka chinazizira.

Tinalowa mu Lusaka dzuwa litapendeka, magalimoto atathinana. Ndinakwera takisi ya makwacha fifite kuti ndisachedwe, ndipo ndinafika geti lisanatsekedwe. Panali maluwa, matailosi onyezimira ndi kamphepo kozizira kochokera kudenga. Pa mipando yofewa panakhala anthu atatu okha, aliyense ali pa foni yake.

Mayi woyang'anira manasi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Diresi langa linali ndi fumbi m'mawondo ndipo ndinkanunkha nsomba.

"Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, madamu."

Anandifotokozera ntchito. Wodwala akafika, ayambe waonana ndi akauntala, ine ndisamukhudze asanabwere ndi lisiti. Malipiro anali ochepa kuposa a boma, penshoni panalibe, kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Kenako anatsamira patebulo.

"Vuto la imwe a kumidzi ni limodzi. Tikuphunzitsani, boma likangolengeza kuti likulemba, mwathawa. Nilonjezeni kuti simuzachita zimenezo."

Ndinalonjeza, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti ndikunama.

Anthu amakonda kundifunsa kuti chabwino ndi chiti, boma kapena pulayiveti, poti ndaona zonse. Ndimawauza zimene ndinaona pa ulendo umenewo. Kwina khomo ndi lotsegula koma m'katimo mulibe manja okwanira, kwina manja alipo koma khomo limatsegulidwa ndi ndalama. Pakati pake pali msewu wautali wa m'mapiri, ndipo anthu a kwathu amathera pamenepo. Madzulo amenewo anandipatsa yunifolomu yatsopano, n'kundiuza kuti mtengo wake adzaudula pa malipiro anga oyamba.