Mafani Ouzira M'chipinda cha Bambo

Ndili m'nyumba mwathu ku Bangwe, dzuwa lili paliwombo. Malume anga, amene amawotcherera zitsulo pamsika, andipangira shelefu yachitsulo yofika kudenga. Ine ndikusanjamo makina okumba ndalama za pa intaneti, ena pamwamba pa anzake, ndipo masikuluu ndikumanga ndi mpeni wodulira anyezi.

Ndikuyatsa. Makina akutentha ngati mbaula. Pamenepo ndikuzindikira kuti mafani oziziritsa makinawo ndawamanga motembenuza: m'malo motulutsa kutentha pazenera, akuuzira m'chipinda momwe mwagona bambo anga, amene amadwala mphumu.

"Mwanangu," akuitana bambo, "tatsegula chitseko, mpweya watha kuno."

Chitsekocho chili kuseri kwa shelefu, ndipo malume aiwotcherera kufelemu ya chitsekocho.

"Malume, tiyeni tizimitse makinawa, tidule shelefuyi."

"Iwe mphwanga, kukolejiko akukuphunzitsa kuzimitsa zinthu?" akuseka, magalasi akuda ali kumaso. "Akazima ayambiranso pachiyambi."

Ndikufunafuna swichi, koma mawaya onse alowa m'simenti ngati mizu ya chinangwa. Ndikuzula waya wina, akutuluka ndi dothi lotentha. Sikuluu iliyonse imene ndamasula ikudzimanganso yokha. Penti wa pachitseko akuchita matuza.

"Bambo, gogodani ngati mukundimva!"

Akugogoda kawiri, mmunsi mwenimweni mwa chitseko. Ndikuitananso, koma sakuyankha. Malume akundipatsira makina ena oti ndiike pamwamba, ndipo ndikuwalandira ndi manja awiri.

Ndadzidzimuka kutulo ndili kukoleji, ndipo mpaka tsopano sindinalimbe mtima kuimba foni kwathu.