Tikiti ya ku Joni yodzera ku Nairobi, manda titakumba kale

Tinaika apongozi anga mwana wanga asanafike, ndipo amene anauza anthu kuti akumbe manda ndine. Sindikukana. Koma inu a ofesi yogulitsa matikiti pa boma la Mchinji, mlanduwu tigawane.

Apongozi anamwalira Lachiwiri kwathu ku Ludzi. Mkazi wanga atatisiya, iwowa ndiwo analera Agatha, mwana wanga amene amagwira ntchito ku Joni. Nditamuimbira foni pa boma, poti kwathu foni kulibe, anapempha chinthu chimodzi: "Bambo, musawaike ndisanawaone nkhope."

Ndinalowa mu ofesi yanu n'kufunsa bambo wa pa desiki kuti ndege yochokera ku Joni imatenga nthawi yotani kufika ku Lilongwe. Osadzutsa mutu anati maola awiri ndi theka. Anati ndilipire pompo, tikiti Agatha akaitengera komweko, anyamuka Lachinayi m'mawa. Ndinafunsanso, poti ine ndege ndimangoiona m'mwamba. Anaseka. "Madala, si basi ya ku Chipata iyi. Akanyamuka seveni koloko, teni isanakwane ali pa Lumbadzi."

Mawuwo ndinapita nawo kusiwa. Alamu anga, malume ake a Agatha, anati tidikire mwana afike kaye, tikumbe Lachisanu. Ndinawakanira. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thupi lili m'nyumba. Ndinati adzukulu ayambe kukumba Lachinayi m'mamawa, mwana afika masana. Anandimvera chifukwa amandidziwa kuti sindilankhula zongopeka.

Kwathu manda akakumbidwa sagona opanda munthu. Mng'ono wanga anapita ku Lumbadzi kukamuchingamira. Ndege ya ku Joni inatera, anthu onse anatuluka, Agatha panalibe. Mng'ono wangayo anabwerera yekha. Dzuwa litapendeka, akatekisiti anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, tinaika.

Agatha anafika Lachisanu. Tikiti munamupatsayo inali yodzera ku Nairobi. Ndege inadutsa Malawi n'kukamusiya ku Kenya, kumene anagona pa benchi kudikira ina. Kodi wopita ku Kamwendo kuchokera pa boma amayamba wafika ku Salima? Tikitiyo Agatha anaiona Lachitatu, ndipo anaimba foni ku ofesi yanu kuti mutiuze tisakumbe. Uthengawo sunatuluke pakhomo panu.

Lolemba ndinabwererako. Bambo uja anati ndege yolunjika inali itadzaza, ndiye anandichitira chifundo pondipezera ina. Za uthenga anati Ludzi ndi kutali, iwo si amesenjala. Chifundo chake n'chosauza munthu? Minibasi zimadutsa pakhomo panu tsiku lonse, kondakitala aliyense akanatifikitsira mawu. Ndinati zikomo n'kutuluka, chifukwa zimene zinali pakamwa panga si zonena mkhristu.

Agatha sanandikalipire. Anagwada pa mtumbira nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Bambo, munawaveka nsalu iti?" Alamu anga mpaka lero amangondipatsa moni basi.

Abale anga, mukamagulira mwana tikiti, funsani kumene ikudzera ndi kumene akagone, ndipo khasu lisakhudze dothi iye asanaponde pakhomo. Inu eni ofesi, ndalama zanga sindikuzifuna. Kwerani minibasi mubwere ku Ludzi, mudzamuuze Agatha nokha amene analandira foni yake Lachitatu, ndi chifukwa chimene anakhalira chete. Mbali yanga ndinamuuza kale.